Nyali Zitatu ndi Mphindi 7

Pa mpikisano wa kuyankhula pagulu wa Toastmasters, maso anga sayamba kugwera pa woyankhula. Amayamba agwera pa munthu amene wakhala phee moyang'anizana ndi nsanja, wotchi kumanja, patebulo pake pali nyali zitatu: yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Kumene kulibe nyali amakweza makadi a mitundu yomweyo. Pa kalabu ina imene ndinakhalako mlendo madzulo ena, makadiwo anali odula pa katoni, m'mbali mwake mutada ndi zala za anthu ambiri amene anawagwirapo. Wosunga nthawiyu sayankhula, sagwedeza mutu, ndipo ena akamafa ndi phwete iye diso limakhala pa wotchi. Woyankhula akangotulutsa liwu loyamba, kapena kungopereka chizindikiro choyamba kwa omvera, wotchi yayamba kuyenda. Pakatha mphindi 5, yobiriwira. Pa 6, yachikasu. Pa 7, yofiira, ndipo imeneyi imakhala chiyakire mpaka munthuyo atamaliza.

Akapitirira ndi masekondi oposa 30 pamwamba pa mphindi 7 zija, zake zada. Kaya anagwetsa anthu misozi, kaya holo yonse inaimirira, dzina lake silikhalapo pa opambana. Wolephera kufika mphindi 4 ndi theka nayenso amagwa chimodzimodzi. Palibe belu lomuuza kuti wadumpha malire. Pamapeto wotsogolera amangolengeza kuti alipo amene wagwa chifukwa cha nthawi, dzina osalitchula, ndipo mwiniwake amadzidziwa yekha mumtima.

Ndimalikonda lamulo limeneli, ndipo ndikukhulupirira kuti luso lonse la mpikisanowu linamera pa ilo.

Gwero lake ndi laling'ono. Ralph C. Smedley, wobadwa mu 1878 ku Waverly m'chigawo cha Illinois ku America, ankagwira ntchito ku bungwe la achinyamata achikhristu la YMCA. Mu 1905, ali ku Bloomington, anaona kuti anyamata ambiri anzeru zawo ankauma pakamwa akangouzidwa kuti aime pamaso pa anzawo. Kutsogolera msonkhano kunkawakanika, ngakhale kuthokoza mlendo kumene. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Choncho anawasonkhanitsa kuti azisinthana: lero uyu atsogolere, uyo ayankhule, achikulire anene pamene pakoma ndi pamene pafunika kukonza. Anasankha dzina la toastmaster, munthu amene pa phwando la Azungu amaitana oyankhula mmodzimmodzi, ngati mmene MC amachitira pa ukwati kwathu kuno. Timagulu toyambato sitinkakhalitsa. Smedley akangosamutsidwa, tinkazilala. Kamene kanagwira mizu ndi kamene kanakumana pa 22 Okutobala 1924 m'chipinda chapansi pa nyumba ya YMCA ku Santa Ana, ku California. Lero makalabu alipo pafupifupi 14,000 m'mayiko pafupifupi 150, ndipo alipo ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka, Harare ndi Johannesburg.

Kalabu ilibe mphunzitsi. Ichi ndicho chimadabwitsa mlendo. Anthu 15 kapena 20 amakumana ataweruka kuntchito, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi kaudindo kake ka tsikulo. Wina amasunga nthawi. Wina amamvetsera galamala ndi kubweretsa liwu limodzi loti onse ayese kuligwiritsa ntchito madzulo amenewo. Wina ntchito yake ndi kuwerenga timawu todzazira mpata, tija timatuluka pakamwa mutu ukamafunafuna chonena. M'Chingerezi ndi "ah" ndi "um". Kwathu tikanati awerenge "eee", "ujeni" ndi "ndiye kuti". Pamapeto amaimirira n'kuuza aliyense chiwerengero chake, bwana wa kampani ndi mwana wa sukulu ya ukachenjede mofanana. Ndinaona bambo wina wa imvi zake akuuzidwa ndi mtsikana woyenera kukhala mwana wake kuti, "Bambo, inu lero mwanena 'eee' ka 14." Bamboyo anawerama pang'ono, n'kulemba m'kabuku kake. Aliyense woyankhula amakhalanso ndi mnzake womuunika, amene amapatsidwa mphindi 2 kapena 3 kuti anene chimene chagwira mtima ndi chimodzi kapena ziwiri zoti akonze. Womuunikayo nayenso amaunikidwa. Mpeni umanoledwa, mwala wonolerawo nawonso n'kuyang'anidwa ngati uli wosalala.

Pali timiyambo tina tooneka tachabe koma tolera munthu. Malo oyankhulira sasiyidwa opanda munthu: wotsogolera amadikira mpaka woitanidwayo afike, agwirane chanza, ndiye iye n'kuchoka. Woyankhula akamaliza amabweza bwalo kwa mwini wake momwemonso. Munthu akamayankhula, khomo limatsekedwa, ndipo wochedwa amadikira panja mpaka m'manja mutawombedwa.

Kwa zaka pafupifupi 50 zonsezi zinali za amuna okhaokha. Mu 1970, mayi wina wa ku San Diego, Helen Blanchard, analowa kalabu ina, ndipo anzake pofuna kuti kulikulu asamukane anamulembetsa ndi dzina lachimuna lakuti Homer. Khomo linatsegulidwa kwa amayi mu 1973. Patangotha zaka 4, mu 1977, Evelyn Jane Burgay anatenga ukatswiri wa dziko lonse, ndipo mu 1985 Helen Blanchard yemwe uja, tsopano ndi dzina lake lenileni, anakhala mayi woyamba kutsogolera bungwe lonse. Mu 2018 ku Chicago, malo onse atatu apamwamba anatengedwa ndi amayi, patsogolo pali Ramona J. Smith.

Mpikisanowo unayamba mu 1938, ndipo woyamba kupambana anali Henry Wiens wa ku Reedley, ku California. Poyamba unali wa makalabu ochepa. Lero chaka chilichonse anthu masauzande ambiri amayambira pansi penipeni, m'kalabu yawo, pamaso pa anthu amene amawadziwa kale. Wopambana amakakumana ndi opambana a makalabu oyandikana, kenaka a chigawo, kenaka a chigawo chachikulu chimene nthawi zina chimaphatikiza mayiko angapo, mpaka ochepa atafika ku msonkhano waukulu wa mwezi wa Ogasiti. M'zaka zaposachedwapa ku ndime yomaliza kumatsala anthu 8. Ndipo apa pali msampha wina: nkhani imene yakufikitsa kumeneko uyenera kuisiya pakhomo. Ku ndime yomaliza umalowa ndi nkhani ina yatsopano. Ng'oma imene wakhala ukuiwamba miyezi yonseyi, imene ukuidziwa kulira kwake, umaipachika, n'kutenga ina.

Woyankhula saitanidwa ndi mbiri yake. Wotsogolera amatchula dzina, mutu wa nkhani, mutu wa nkhani kachiwiri, dzina kachiwiri, basi. Sanena za madigiri, sanena za ntchito, sanena kuti uyu anapambanapo kwakuti. Ndondomeko ya oyankhula imachokera pa mayere. Oweruza amakhala mobalalika pakati pa omvera ndipo salengezedwa. Pa pepala lawo pali malikisi 100: theka ndi la zimene munthu wanena, 30 ndi a kanenedwe kake, thupi ndi liwu, 20 ndi a chiyankhulo. Ndiye kuti wovina bwino pa nsanja koma m'nkhani mwake muli mbee sangapite patali. Woyankhula aliyense akatsika, m'manja mukatha, wotsogolera amapempha mphindi imodzi ya bata kuti oweruza alembe. Holo ya anthu mazanamazana imangoti zii. Mphindi imeneyo inaikidwira oweruza, koma ndimaona kuti omvera ndiwo amapindula nayo kwambiri. Mawu amafuna kukhazikika, monga madzi otunga pachitsime amafunira kudikha kuti matope apite pansi.

Tsono mphindi 7 n'chiyani? Munthu woyankhula modekha, wopereka mpata woti anthu aseke ndi kupuma, amanena mawu mazana ochepa okha, osadzaza masamba atatu. Amene analembapo nkhani yotere amadziwa kuti vuto si kusowa chonena. Vuto ndi kuchuluka kwake. Uli ndi nkhani zisanu zokoma, ndipo zinayi ziyenera kutayidwa. Uli ndi nthabwala imene imagwetsa anthu nthawi zonse, koma siikuthandiza mfundo yako, ndiye iyenera kupita. Ntchito yake ndi ya lichero: kupeta, kupetanso, gaga auluke, patsale mphale yokhayokha. Akatswiri amayeseza nkhani imodzi kambirimbiri, kuyenda nayo m'makalabu osiyanasiyana, kumvetsera pamene anthu aseka, pamene ayamba kuyang'ana foni, n'kubwerera kukadulanso.

Ndipo chimene chimadya nthawi mobisa ndi chimwemwe cha omvera chomwecho. Nthabwala imene m'kalabu ya anthu 20 imatenga masekondi awiri, m'holo yaikulu imatha kutenga 10, chifukwa kuseka kwa khamu kumayenda ngati funde, kuchoka kutsogolo kukafika kumbuyo n'kubwereranso. Wotchi siidikira. Woyankhula wosazindikira amakomedwa, amaonjezera kamzere kena, amadikira kuti aseke n'kumaliza, ndipo pamene akuti acheuke, yofiira yayaka iye asanafike pa mtima wa nkhani. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Katswiri amakonza nkhani yake kuti ithe nthawi isanakwane, kusiyira omvera gawo lawo, ndipo amadziwiratu ndime imene adzaidumphe zinthu zikathina, popanda wina kuona msoko.

Kuti muone lusoli pafupi, onerani kanema wa Mohammed Qahtani wa ku Saudi Arabia, amene anapambana mu 2015 ku Las Vegas. Munthuyu anakula ndi chibwibwi. Atafika pa nsanja sananene kanthu. Anatulutsa ndudu, n'kuiika pakamwa, n'kuyamba kuyesa kuiyatsa. Holo inang'ung'udza. Iye anadzutsa maso ngati wodabwa kuti anthuwa akudandaula chiyani. Taonani zimene wachita kale: masekondi ochepa okha, liwu asanalitulutse n'komwe, munthu aliyense m'holomo watenga mbali. Kenaka anayamba kuikira kumbuyo fodya, kutchula zifukwa zomveka ngati za madokotala, ndi nkhope ya munthu wodziwa. Anthu anayamba kukayika zimene amadziwa. Atawafikitsa pamenepo anaulula kuti zina mwa zimene wanenazo wangozipeka. Anaseka, koma kuseka kwa munthu amene wagwidwa. Mutu wa nkhani yake unali wa mphamvu ya mawu, ndipo m'malo mowauza kuti mawu angathe kumupotoza munthu, anawapotoza iwo eni, ali maso, n'kuwaonetsa.

Chimene ndimachisirira kwambiri chikubwera pambuyo pake. Anasimba za mwana wake wamng'ono amene ankalemba pakhoma ndi makrayoni. Poyamba anaonetsa mmene anamukalipira, liwu lokweza, chala patsogolo, ndi mmene mwanayo anamuyang'anira m'maso n'kulembanso dala. Kenaka anaonetsa ulendo wachiwiri: anatsitsa thupi mpaka msinkhu wa mwanayo, liwu n'kukhala lofewa, n'kumuuza kuti wakula tsopano. Pa nsanjapo panalibe mwana, panalibe khoma, koma onse anamuona mwanayo, kutalika kwake ndi pamene waima, chifukwa maso a bamboyo anali pa malo amodzi osasuntha. Kutsika kwa thupiko kunali chiganizo pakokha. Ndipo atawaseketsa mokwanira, anawatembenuzira ku nkhani ya mnzake amene moyo wake unawonongeka chifukwa chosowa liwu limodzi loyamikira kuchokera kwa bambo ake. Pamenepo anachepetsa liwiro, mipata pakati pa mawu n'kutalika. Munthu amene wawerengera sekondi iliyonse ndi amene angakwanitse kukhala chete motero. Bata limenelo analigula podula mawu ena kwina.

Chaka cha 2014 ku Kuala Lumpur, Dananjaya Hettiarachchi wa ku Sri Lanka, atayesa kwa zaka pafupifupi 10, anapambana ndi duwa la rozi: analithothola pamaso pa anthu n'kulitaya mu bini koyambirira, ndipo kumapeto anapisa dzanja mu bini momwemo n'kutulutsa duwa lathunthu. Mu 2016 Darren Tay wa ku Singapore anayamba ndi kuvala kabudula wam'kati woyera pamwamba pa suti, posimba za mnyamata amene ankamuzunza kusukulu. Sindibisa, nditaonera ambiri motsatizana ndinayamba kuona kanjira kamodzi kamene ochuluka amadutsamo: vuto la paubwana, kholo kapena mphunzitsi wanzeru, kamzere kobwerezedwa katatu, chinthu chogwirika m'manja. Ena amangotsata mapazi a amene anapambana chaka chatha, ndipo nkhani zawo zimakoma ngati nsima ya pa lesitilanti, yokhutitsa koma yosakumbukika. Koma mlandu si wa chikombole. Njerwa zonse zimatuluka m'chikombole chofanana, nyumba n'kusiyana malinga ndi mmisiri.

Kwathu kuno luso la pakamwa si lachilendo. Amene anamvapo nkhoswe yodziwa ntchito yake pa chinkhoswe, kapena nduna ikutambasula mlandu pabwalo la mfumu, kapena woyankhula m'malo mwa banja pa maliro, amadziwa kuti tili ndi amisiri. Luso lathu ndi lofika pa nkhani mozungulira, kupereka ulemu kwa eni mudzi mmodzimmodzi, kuponya mwambi n'kuusiya ugwire ntchito yokha. Limafuna nthawi, ndipo m'malo mwake n'loyenera. La Toastmasters ndi la mtundu wina, lobadwira m'dziko la mawotchi. Koma pa chinthu chimodzi amakumana. Mkulu amene anthu amamukumbukira pa maliro si amene ananena zambiri. Ndi uja anaima, n'kunena zitatu zolasa mtima, n'kukhala pansi anthu akufunabe kumva. Iyeyo nyali yofiira ali nayo m'mutu.

Afrika inadikira nthawi yaitali. Mu 2021, mpikisano ukuchitikira pa intaneti chifukwa cha mliri wa Covid-19, Verity Price wa ku Cape Town anakhala woyamba wochokera ku Afrika kutenga ukatswiriwu, akuyankhula ndi kamera m'malo mwa khamu, popanda kuseka kwa anthu koti kumuuze ngati nthabwala yafika. Chaka chotsatira, pa msonkhano wa ku Nashville, anapambana mnyamata wa zaka 24 wobadwira ku Zimbabwe amene ankakhala ku Wrocław m'dziko la Poland, Cyril Junior Dim. Mutu wa nkhani yake unali liwu limodzi la Chishona: Ndini.

Nditangoliona pa YouTube, sindinafune womasulira. Ndi "ndine" wathu yemweyu, kusiyana kalemba kamodzi. Malinga ndi mwambo uja, wotsogolera anayenera kulitchula kawiri, pakati pa dzina ndi dzina, nkhani isanayambe n'komwe. Ndiye taganizani: mpikisano wa m'Chingerezi, oweruza a m'mayiko osiyanasiyana, malikisi 20 a chiyankhulo ali pa mzere, mnyamata n'kusankha kumanga nyumba yake yonse pa liwu limene pafupifupi aliyense m'holomo sankalidziwa. Analimasulira mwachidule, n'kuwapempha kuti alinene naye. Analinena, mokayika poyamba, malilime akupunthwa pa "nd" woyambayo amene ife timamutchula osaganiza n'komwe.

Nkhani yake inali ya dzina. Anali ndi dzina lapakati lochokera kwa bambo ake a ku Nigeria, Uchechukwu, limene anzake ku Zimbabwe ankaliseka, ndipo iye anakula akulibisa. Ali ku Ulaya anakumana ndi mnzake wa ku Congo amene anali ndi dzina lalitali koma ankalitchula monyadira, ndipo zimenezo zinamutembenuza. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Mulibe ngozi ya galimoto, mulibe matenda aakulu, mulibe chinthu chonyamula m'manja. Aliyense wa ife amene anapatsidwa dzina la makolo n'kumadzitchula la Chingerezi pofunsira ntchito, kapena amene ali ku Johannesburg kapena ku London anadula dzina lake pakati kuti abwana asavutike, akuidziwa nkhaniyi ndi thupi lake.

Mmene anaiyalira ndimo muli umisiri. Dzina lija analisandutsa chinthu cholemera, chimene omvera anamva kuti mwini wake akuchizemba. Liwu la Chishona lija ankalibweza apo ndi apo, ndipo ulendo uliwonse linkabwera litasenza katundu wochulukirapo: poyamba linali liwu lachilendo lophunzira kutchula, pakati linakhala la iye, kumapeto linakhala la aliyense wokhala pampando. Chida chake chinali pakamwa pa omvera. Duwa la Hettiarachchi linali m'dzanja la mwini wake, ndudu ya Qahtani inali pa mlomo wa mwini wake, koma Dim anatenga chida chake n'kuchiika pa lilime la munthu aliyense m'holomo, moti pofika kumapeto sanali kuwauzanso kanthu; iwo ndiwo ankanena. Ndipo pamene anadzitchula dzina lake lonse, osadumpha lapakati lija, analitchula pang'onopang'ono, chilembo chilichonse chikumveka, ngati munthu amene akudziwa bwino lomwe kuti masekondi amenewo anawasungira ntchito imeneyi.

Lamulo limati wopambana ukatswiri wa dziko lonse sapikisananso moyo wake wonse, choncho Dim sadzaimanso pa ndime imeneyo. Ine kanemayo ndamubwereza kangapo, ndipo ulendo wina ndinamuonera nditagwira wotchi ya pa foni, kufuna kudziwa pamene nyali iliyonse inayakira. Ndinadina pa liwu lake loyamba monga amachitira wosunga nthawi. Yobiriwira ndinaiona. Pamene ndimakumbukira kuyang'ananso pa foni, mnyamatayo anali atagwirana kale chanza ndi wotsogolera, ndipo ndinapeza kuti milomo yanga ikutchula liwu lija m'Chichewa.